Pomwe Tsache Limalekera

"Ababa, bwanji mwalekera pamenepo? Nanga masamba enawo ndi a ndani?"

Anandifunsa choncho mwana wanga Chizuru ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa wina ndikusesa. Ndinali nditasesa pakhomo pathu, n'kulowerera phazi limodzi pakhomo pa Mayi Umezono, kenako n'kuimika tsache. Ndinamuyankha kuti ndi mmene timachitira ku Kyoto kuno: ukalekera pamalire penipeni ndiwe wouma mtima, koma ukapitirira phazi limodzi ndiye kuti ukuuza anthu kuti aneba ako ndi auve. Mwanayo analowa m'nyumba, anatuluka ndi rula ya kusukulu n'kuyamba kuyeza. Anapeza kuti ndinapitirira ndi zala ziwiri, ndipo anandilamula kuti ndibwezerepo masamba atatu.

Lero Chizuru ali ndi ana akeake ku Sendai. Ine ndikadali m'kanjira komweko, nyumba yachinayi mwa zisanu ndi ziwiri. Fakitale yathu yowomba malamba a kimono, chovala cha makolo athu, itatsekedwa, ndili ndi zaka makumi asanu, ndinakalowa sukulu ya madzulo kukaphunzira Chingerezi. Zinanditengera zaka zinayi. Kuyambira pamenepo ndimaperekeza alendo odzaona mzinda, awiri okha pa tsiku, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Akachisi amawadziwa woperekeza alendo aliyense, ndipo achinyamata amafotokoza bwino kuposa ine. Chimene anthu amandisankhira n'chimodzi: masana ndimawalowetsa m'kanjira kathu, amaona mmene anthu wamba amakhalira, n'kumwa tiyi m'nyumba mwanga. Koma kanjirako si ka boma. Kuyambira pachipata mpaka kuchitsime chakale cha kumapeto, n'ka banja la Umezono, ndipo kiyi wa chipata amasunga ndi Mayi Umezono, amasiye a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Sananenepo kuti alendo anga azilowa. Sananenenso kuti asamalowe. Ntchito yanga yonse inatsamira pa kukhala chete kwawoko.

Chaka chatha mu Novembala, mtengo wa zipatso za kaki umene uli pangodya ya nyumba yanga utayamba kuyoyoka, ndinaona kuti pakhomo pawo sipakuyeranso ngati kale. Ankangosesa pafupi ndi chitseko, kwinako masamba ali mbwee. M'mawa ndinkamva tsache lawo likulira katatu, kenako zii kwa kanthawi. Sindinafune kuthamangira kuganiza. Ndinkasesa phazi langa limodzi n'kulowa m'nyumba.

Tsiku limene ndikunenali ndinali ndi a Armindo ndi akazi awo Mayi Odete, ochokera ku Portugal. Bambowo anali aatali, opuma pantchito ya ku positi, kamera ili pakhosi. Mayiwo anali aafupi, a mikono yamphamvu, ndipo anandiuza kuti anagwira zaka makumi atatu akusamalira okalamba m'makomo. Pakachisi woyamba anapititsa chala pamtanda wa khonde, n'kuchiyang'ana, n'kugwedeza mutu movomereza. Pamunda wokongoletsedwa ndi miyala ndi mchenga sanafunse chaka chimene unakonzedwa. Anafunsa kuti amasalaza mchengawo ndani, nthawi yanji, ndipo ngati msana sumupweteka.

"Musadabwe, a Nishiwaki," anatero a Armindo. "Mayi akunyumbawa ngakhale kumwamba adzafika ndi chikolopa m'manja."

"Chifukwa mudzayamba kufikako ndinu, ndi nsapato zanu zamatopezo," anayankha mayiwo.

Titadya masana tinafika pachipata chathu. Pamenepo ndimanena malamulo atatu: kulankhula motsitsa, kusajambula zitseko za anthu, ndi kusasuzumira m'mazenera. Za tsache sindinaganizepo. Ndinawakhazika pabenchi la pakhomo panga, ine n'kulowa kukatereka ketulo.

Madzi asanawire ndinamva kunja kuti shwa, shwa, shwa, mwamphamvu, mosapumira. M'kanjira kathu palibe amene amasesa choncho.

Nditatuluka ndinapeza zonse zitatha. Mayi Odete anali atatenga tsache langa pamene ndimaliyedzeka, atasesa pakhomo panga, atawoloka, atasesa pakhomo ponse pa Mayi Umezono mpaka pachitseko penipeni. Miphika ya maluwa anaisuntha, kusesa pansi pake, n'kuindandalika kuyambira wautali mpaka waufupi. A Armindo anali atagwada, atagwira chowolera zinyalala. Kutsidya, pazenera la Mayi Kadowaki amene nkhani sizigona m'kamwa mwawo, katani inagwedezeka.

Ndiye chitseko chinakokeka pang'onopang'ono. Anaima Mayi Umezono ndi apuloni yawo yotuwa, dzanja limodzi litagwira mphuthu. Anawerama pang'ono chabe.

"Koma bambo a Chizuru, mpaka kundiitanira antchito ochokera kutsidya kwa nyanja? Zikomo kwambiri. Zikomo zedi. Chikwatibwire ine m'nyumba muno, pakhomo pano sipanayerepo chonchi."

Ndakhala nawo moyandikana zaka makumi atatu ndi chimodzi. Zikomo wawo akatalika choncho, ndimadziwa kuti zinthu zavuta.

"Akuti chiyani?" anafunsa Mayi Odete.

"Akuthokoza."

"Auzeni kuti si kanthu. Muwauzenso kuti chiuno chawo chakumanzerechi chikuwavuta, ndaona mmene aimira. Ndipo timatsache tanu tatifupiti n'topha anthu. Munthu wamkulu asamawerame choncho."

Ndinatembenukira kwa aneba anga n'kunena m'chinenero chathu kuti, "Akuti maluwa anu ndi okongola."

Koma Mayi Odete anaona kuti mawu anga afupika. Anadzimenya pachiuno kuti phaa, n'kuloza chiuno cha Mayi Umezono. Kenako anawerama ndi tsache lija, dzanja lina kumsana, akubuula mokweza kuti kanjira konse kamve.

Mayi Umezono anayang'ana zonsezo mpaka kumapeto.

"Kwawoko maluwa amamera pachiuno, eti?" anatero. "Mukamaliza ntchito madzulo mudzandipeze, tikambirane za chipata chija."

Anatseka chitseko mosamveka n'komwe.

Masana amenewo ndinaperekeza alendo ngati munthu wofika dzulo mumzinda. Kachisi wina ndinamuchotsera zaka mazana awiri pofotokoza mbiri yake, ndipo tinakwera basi yolowera kolakwika. Tili m'basimo ndinawafotokozera za phazi limodzi lija, ndi za chipata. A Armindo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anazindikira kuti nkhani yake ndi ya ntchito yanga, ndipo anapepesa kanayi. Akazi awo sanapepese.

"Ndiye mayiwo adzagwe, athyoke, inu muli chiimire pamalire mukuyeza phazi lanulo?" anandifunsa. "Mwaona kwa masabata angati?"

"Atatu."

"Atatu!"

Ndinayang'ana kunja, ngati kuti mtsinje ndikuuona koyamba.

Kachisi womaliza Mayi Odete anamukana. Anati ndiwatengere kumene amagulitsa matsache. Ndinawatengera kukasitolo kakale ka pafupi ndi mlatho, ndipo kumeneko Mayi Odete anatha pafupifupi ola lathunthu akuyesa tsache lililonse pansi pa sitoloyo, mwini wake akungoyang'ana pansi pake pakuyera. Anasankha la mpini wautali wondifika pachibwano. A Armindo anandiuza pambuyo pake kuti pa tsiku lonselo, malo amene akazi awo anasangalala nawo kwambiri anali amenewo.

"Kawapatseni," anatero mayiwo titafika pakhomo la hotela yawo.

"Sangalandire."

"Ndiye mukapeze nzeru. Kusukulu ya madzulo ija ankangokuphunzitsani Chingerezi chokha?"

Ndinabwerera pa basi, bokosi la timakeke ta nyemba kudzanja lina, tsache lalitali kudzanja lina, dalaivala akundiyang'ana pagalasi. Ndinafika dzuwa likadalipo. Pakhomo pa Mayi Umezono masamba anali atayambanso kugwa.

Anandiuza kuti ndilowe. Ndinawapeza atakhala pasitepe ya polowera, chinthu chimene sankachita pamaso pa mlendo. Pambali pawo panali kathabwa koyera, inki ndi burashi yolembera. Pakathabwapo panali pasanalembedwe kanthu.

"Ndabwera kudzapepesa, mayi a Nobuo."

"Ndi tsache? Kapena mwabwera kudzamaliza pamene anasiyira?"

Ndinaika bokosi lija pansi, tsache n'kuliyedzeka kukhoma, ndipo ndinawerama nthawi yaitali. Anandisiya ndiwerame.

"Dzukani, mungathyoke inunso," anatero potsiriza. "Mverani. Mayi Kadowaki aona zonse. Pofika Lamlungu, Nobuo ku Osaka akhala atamva kuti amayi ake akuchita kuwasesera alendo odutsa. Mwana wangayo mukumudziwa. Chipinda anandikonzera kale, pansanjika yakhumi ndi chiwiri, zenera loyang'ana njanji. Akungodikira chifukwa. Ine ndikachoka, kanjira kano agulitsa. Ndiye ndilemba pathabwa apa kuti alendo saloledwa, ndikhome pachipata. Anthu adzati nkhalamba ija ikadali ndi mano."

Sindinawapeze cholakwa. Ndikanakhala iwo mwina ndikanalemba kalekale. Ndinayang'ana pachitseko chimene ndinasiya chotsekula. Tsamba lofiira linatsika likuzungulira n'kutera pamwala wa pakhomo pawo, ndipo ndinakumbukira funso la Chizuru, limene theka lake sindinamuyankhe.

"Mayi a Nobuo, tsamba ilo ndi la ndani?"

"Mwayamba kuzungulira mutu?"

"Mtengowo ndi wanga. Anabzala ndi malemu akazi anga. Masamba onsewa ndi anga, ndipo ndakhala ndikuwasiya pakhomo panu zaka zonsezi. Wauve m'kanjira muno ndine."

"Lero ndiye mwakumbukira kuti mtengo ndi wanu? Pa zipatso simunaiwalepo."

"Ndimakupatsaniko."

"Zojompha mbalame."

Ndinaona kuti pakamwa pawo pafewa pang'ono, ndiye ndinapitiriza. Sindine munthu wopeka nkhani, ndipo mawuwo ankatuluka movutikira.

"Mawa m'mawa ndikumana ndi Mayi Kadowaki potaya zinyalala. Ndiwauza kuti madzulo ano mwandikalipira chifukwa cha masamba anga, kuti mpaka alendo akunja anachita kundichitira manyazi. Ndipo kuti mwandilamula ndizisesa ndekha mpaka pachitseko panu, tsiku lililonse."

Mayi Umezono anatenga burashi ija, anaiyang'ana, anaibwezera pansi.

"Ndakukalipirani kwambiri?"

"Koopsa."

"Munalira?"

"Pang'ono."

"Munene kuti kwambiri. Mayi ameneyo nkhani amaichepetsa ikakhala yabwino kwa ine." Anasuzumira panja. "Nanga mtengo ukatha masamba? Pofika Disembala ukhala uli mbee."

"Pali fumbi la nsapato za alendo anga. Limenelonso ndi langa, ndipo limabwera chaka chonse."

"Ohoo. Ndiye kuti ndikatseka chipata, fumbi litha, inu musowa chifukwa chosesera."

"Ndi momwemo."

"Ndimakuyesani munthu wofatsa, bambo a Chizuru. Kani ndinu kathyali."

Anakankhira kathabwa kaja kumbuyo kwa nsapato. Kenako analoza tsache lija ndi chibwano.

"Nanga chimtengo icho?"

"Anagula ndi mayi aja. Akuti simuwerama nalo."

"Likaoneka panja ndiye kuti ndavomera. Liikeni kuseri kwa chitseko, ndiziseserako m'khitchini." Anayesa kudzuka, n'kugwira khoma, nkhope itakwinyika. Sindinatambasule dzanja, koma sindinayang'anenso kumbali monga ndinkachitira masabata atatu aja.

"Lachitatu ndilibe alendo," ndinatero. "Basi yopita kwa dokotala wa mafupa ndimaidziwa. Kuperekeza anthu ndiyo ntchito yanga."

"Muzikandifotokozera akachisi m'njira monse?"

"Ayi."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi."

Anandituma kuti ndisanapite ndibwezere miphika yawo mmene inalili, chifukwa waufupi umakhala pakati kuyambira nthawi ya apongozi awo. Ndinaibwezera iwo ataima pachitseko akundiwongolera mokweza, mokweza kwambiri kuposa mmene zinkafunikira, mpaka katani ya kutsidya inagwedezekanso. Nditamaliza anatsitsa mawu.

"Awiri pa tsiku, osapitirira. Ndipo tsache lanu muzilibisa asanalowe pachipata."

"Ndalonjeza. Masamba anga simudzawapezanso pakhomo pano."

"Chabwino," anatero Mayi Umezono. "Inenso ndalonjeza. Chipata sinditseka, ndipo Lachitatu naini koloko mundipeza nditavala kale nsapato."