Tambula ya Bambo Oddie

Atachoka kumanda, onse anakalowa m'bala ya Mayi Sheila, momwe malemu Bernard Oddie ankakhala Lachisanu lililonse chitsekereni fakitale ya nsalu. Mayi Sheila anathira mowa wakuda m'tambula ya malemuyo, ya chogwirira ija, n'kuiika pakauntala patsogolo pa mpando wawo. Mowa wa womwalira umakhala pomwepo mpaka nthawi yotseka, munthu saukhudza.

Fraser, mwana wa malemuyo, anakhala pambali pake, maso ali pa thovu. Ambulansi inamukanika kuifulumizitsa tsiku lija, bambo ake ali gone pansi m'khitchini kuyambira masana mpaka mdima. Mawu a kumanda anamukanikanso, anangowerenga mzere woyamba n'kukhala pansi. Chimene chinatsala chinali kulondera tambula kuti ifike nthawi yotseka ili yodzaza. Izi zokha ankati azitha.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa Crispin Wardle, phungu wa deralo, manja a malaya atapinda, tayi atasiya m'galimoto. Pambuyo pake panali Imogen, mtsikana womukonzera zolankhula ndi zovala, ndiponso wojambula zithunzi. Chisankho chinali pafupi. Sabata yapitayo nyuzipepala zinatulutsa Wardle atanyamula khanda la eni ngati phukusi lodontha, choncho Imogen anagamula kuti abwana aoneke akumwa mowa ndi anthu wamba.

"Mvula yagwa, achule atuluka," anatero Clive, mnzawo wa malemu, akulankhulira m'tambula yake.

"Anzanga!" anatero Wardle, mano onse pamtunda. "Mwatchenatu lero. Ndimakonda tauni yodzilemekeza."

Anthu a kuno akaona munthu akulowera kudzenje samukuwira ayi, amati n'kupanda ulemu. Amatsokomola. Clive anatsokomola. Kumbuyo kunatsokomola ena awiri. Wardle anagwira dzanja aliyense, ngakhale wansembe, n'kumufunsa kuti amagwira ntchito yanji.

"Bwana, pezani tambula," ananong'ona Imogen. "Dzanja limodzi. Chala chaching'ono chisaloze kudenga ngati tsiku lija."

Wardle anaona mpando wopanda munthu ndi mowa wodzaza patsogolo pake. Moyo wake wonse, mpando wopanda munthu unkakhala wake. Anakhalapo.

"Pepani," anatero Fraser. Analoza tambula ija.

"Palibe vuto, mnyamata," anatero Wardle, n'kunyamula tambula n'kumwa.

M'bala munangoti zii. Kunkamveka makina ozizitsira mowa okha.

"Umenewo ndi wa a Bernard," anatero Mayi Sheila.

"Ndiwagulira wina, mayi. Ali kuti mkuluyo?"

"Bwerezaninso, bwana, munatsinzina," anatero wojambula. Wardle anapapiranso, masaya tutumu.

"Tangowasiya kuseri kwa tchalitchi," anatero Clive. "Musawadikire, olemekezeka. Achedwa kuposa ambulansi."

Wardle anayang'ana masuti akuda aja, maluwa pakona, chithunzi cha mkulu wa dazi chitatsamira botolo. Mowa unali m'kamwa. Kumeza kunali koipa, kulavula koipa koposa. Anakhala choncho, masaya ngati a mwana woba shuga, wojambula uja n'kujambula ndithu, poti ndiyo ntchito anabwerera. Kenako anameza, ndipo kumezako kunamveka mpaka kuchitseko.

Anaika dzanja pamtima. Nkhope yachisoni anali nayo, yophunzira bwino, nsidze zokumana pakati.

"Mtima wanga uli ndi banja lonse pa nthawi yovutayi," anatero.

"Ndipo mowa wa banjalo uli m'mimba mwanu," anatero Clive. "Mwagawana bwino."

"Mayi wamasiye alipo?" anafunsa Imogen motsitsa mawu. "Mwina abwana atawagwira dzanja, tijambule kamodzi..."

Mayi Sheila anangomuyang'ana mpaka mtsikanayo anayamba kufufuza chinachake m'chikwama.

Wardle anakankhira tambula kwa Mayi Sheila. "Dzazitsani, mayi. Ikhale mmene inalili."

"Musadzaze," anatero Fraser. Anadabwa kumva mawu ake akutuluka. "Bambo anga anagona pa simenti kuyambira masana mpaka mdima. Ndinaimbira ambulansi kanayi kapena kasanu, sindikumbuka. Bambowo ankandiuza kuti ndisavutitse anthu, mwina pali wina wodwala kuposa iwo. Ankapepesa, bambo. Akufa, akupepesa."

"Ndakumva, mnyamata, ndakumva ndithu," anatero Wardle. "Ndipo ndikufuna kunena momveka bwino kuti chipani chathu chaika ndalama zochuluka kuposa kale lonse..."

"Bwana, foni," anatero Imogen, akumupatsa foni yomwe sinalire.

Wardle anaiika kukhutu, n'kutuluka akugwedeza mutu kwa munthu amene kunalibe. Pachitseko anakoka pofunika kukankha, kawiri, mpaka wansembe anamutsegulira.

Anthu anaseka, poyamba mobisa, kenako momasuka. Fraser sanaseke. Ankayang'ana tambula ija, mowa utatsika kufika pakati, m'mphepete muli chidindo cha milomo ya mlendo. Kulondera tambula chabe, nakonso kunamukanika.

Mayi ake, a Noreen, anadzuka pakona pomwe anakhala ndi azichemwali awo. Anabwera pang'onopang'ono, nsapato za kumaliro zikuwapweteka. Ananyamula tambulayo, n'kuisuzumira.

"Amayi, ndinayesa kumuletsa."

"Ndinakuona. Unapepesa ngati bambo ako." Anapereka tambula kwa Mayi Sheila. "Tayani uwu, achemwali. Mutsuke bwino ndi sopo, wamwerapo wandale."

"Ndithirenso wa a Bernard?"

"Ayi, thirirani uyu." Anakhala pa mpando wa amuna awo, n'kuvula nsapato imodzi. "Bernard sanayang'anepo mowa mpaka kuphwa. Akanationa tikuuzinga ngati wodwala, akanatitukwana tonse, kuyambira wansembeyu."

Mayi Sheila anaika tambula yotsuka patsogolo pa Fraser. Iye anaigwira pa chogwirira, pomwe galasi linasalala ndi chala cha bambo ake. Anamwa pang'ono. Unali wowawa, mowa umene sanaukondepo. Anamwanso, mapewa akugwedezeka, ndipo Clive anatembenukira ku wailesi yakanema n'kuyamba kudandaula mokweza za mpira, kuti mnyamatayo alire bwino.