Dzanja la Kapitawo

Ndakhala kapitawo wa onyamula katundu padoko zaka makumi awiri, ndipo ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali kulemba mayina pachipata. Anthu anga akamafika, ndinkakhala nditawalemba kale onse. Dzanja linazolowera moti linkalemba lokha, ine ndikuyasamula.

Titamva kuti khonsolo ikufuna kugulitsa doko ku kampani, amene anatsogolera zokana anali alamu anga, achimwene a mkazi wanga, oyendetsa makina okweza katundu. Munthu uja sapsatira mawu. Mfundo yawo inali imodzi: doko likakhala la mzinda, bwana wake amabwera kuholo kudzayankha mafunso athu, thukuta lili kamukamu. Likagulitsidwa tidzafunsa ndani?

Kampaniyo itaitanitsa msonkhano, tinagwirizana kuti tisapiteko.

"Alamu, mupite nokha," anandiuza. "Mukakhale makutu athu. Pakamwa mukatseke."

Pakamwa ndinatsekadi. Koma pakhomo panali pepala la mizere, cholembera chake chomangirira chingwe ngati cha pachipata pathu. Ndinalemba dzina langa, kenako dzanja linapitiriza. Ndinalemba onse makumi anayi ndi manambala awo a ntchito, la alamu ndinalifinyikiza pamwamba popeza ndi akulu. Ndinatuluka ndikudzitama mumtima kuti palibe adzatinene kuti tinajomba. Uchitsiru wina umabwera utavala ulemu.

Patatha masabata atatu khonsolo inakumana, holo itadzaza. Loya wa kampani anakweza pepala lija.

"Ogwira ntchito tinawafunsa," anatero, "ndipo palibe anatsutsa."

Anayamba kuwerenga mayina. Loyamba linali la alamu.

"Ndiye mumatiyendetsa padzuwa chonsecho munasaina kale?" anafunsa mayi wina wogulitsa zakudya pachipata.

Alamu anati kumsonkhano wa kampani uja sanapondeko, koma anawakhulupirira ndani? Apa ndi pamene ndinayenera kuimirira. Manyazi anandigwira, ndinakhalabe pampando, maso ali pa nsapato. Mpaka lero zimandiwawa. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, makhansala anakweza manja, doko linapita.

Masiku ano pachipata pali makina, aliyense amadinda chala chake. Ofuna kudandaula amaponya kalata m'bokosi. Alamu akamadutsa pamsika, ena amawatchulabe kuti ogulitsa anzawo.

Ndinatha mwezi ndisanalimbe mtima. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akumata chubu cha njinga. Ndinafotokoza zonse, iwo osadzutsa mutu.

"Zilembo zanu ndinazizindikira pomwepo, alamu," anatero. "Ndaziona m'mawa uliwonse zaka zonsezi. Ndimadikira kuti muimirire."

"Nanga bwanji simunanditchule?"

Anaviika chubu m'beseni, nayang'ana ngati chikutuluka mpweya.

"Mlongo wanga akanayenda bwanji mumsewu?"