Selwyn Akweranso ku Letas

Chitulukireni m'chipatala ndi dzanja lamanja lakufa komanso mwendo wokoka, Selwyn anali asanapondenso ku Letas, nyanja ya pamwamba pa chilumba cha Gaua imene ankapalasamo bwato kuyambira ali mnyamata. Mkazi wake Hilda anatopa ndi kumuona ali khale pakhonde, maso ali kumtunda.

"Mawa tikwera, bambo," anatero.

Barnabas, mlongo wake wa Hilda, anaseka. "Alamu, ndi mwendo wokokawo? Basi ndikakuberekani ngati khanda."

"Yambani mwabereka chimimba chanucho," anayankha Selwyn.

Ananyamuka atatu m'mamawa. Njira inali yoterera ndi mvula ya dzulo lake. Selwyn ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso, koma Barnabas akati amugwire ankamukankha ndi ndodo. Dzuwa litafika pamutu mitengo inatha, nyanja ija n'kuonekera ili ndandanda, tsidya lina phiri la Garet likufuka utsi woyera.

Barnabas anadziponya pa udzu ali wefuwefu. "Ine ndathera pano. Mwaiona, tiyeni tizibwerera."

"Sindinabwerere kudzaiona," anatero Selwyn, akuloza bwato lomwe linali m'mabango.

Hilda anali asanapalasepo bwato panyanjayi, komabe anakhala kutsogolo n'kutenga nkhafi. Selwyn anakhala kumbuyo, napanira nkhafi yake kukhwapa, n'kumawongolera ndi dzanja lamanzere. Atafika pakati, mphepo inawakuntha ndipo madzi anayamba kulowa m'bwato.

"Tikamira ndikakunenezani kwa Mulungu," anatero Hilda.

"Palasani kumanzere, mayi. Zonenezazo mukanena tikafika."

Bwato linapotoloka, n'kulunjikanso. Posakhalitsa madzi anasanduka achikasu, fungo la mazira owola linawalandira, ndipo Hilda ataviika chala anapeza akufunda. Kumtunda matope ankawira, bwatabwata, nthunzi ikutuluka m'ming'alu ya miyala.

Atakocheza, Selwyn anatsika yekha. Anayenda pang'onopang'ono akugogoda nthaka ndi ndodo, kumuonetsa mkazi wake poponda, mpaka pa kasupe wina wofunda bwino. Anakhala pamwala n'kuviika miyendo. Kenaka ananyamula dzanja lakufa lija ndi linzake n'kuliviikanso.

"Mukumva kutentha?" anafunsa Hilda.

"Ayi, silikumva kanthu," anatero akuseka. "Koma lafika."

Atatero anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu ake osasa aja, mokweza mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. Hilda anakwinya chitenje chake chonyowa, nakhala pambali pake, n'kuipolokoza.