Chiwindi Si Nyama

A Blasius ankalima thonje kuseri kwa njanji ku Nkaya, ndipo pa zinthu zonse za pansi pano ankakonda kwambiri nyama ya mbuzi. Chaka china, thonje litangogulitsidwa, chala chachikulu cha phazi lawo lamanja chinatupa n'kufiira ngati phwetekere. Ngakhale ntchentche ikatera pamenepo ankakuwa.

Kuchipatala adokotala anangochiyang'ana kamodzi.

"Iyi ndi nyamakazi ija amati gauti. Muzimwa mankhwalawa, koma nyama muisiye kaye."

Polankhulapo analoza ndi cholembera mbuzi ina yomwe inkadya udzu kunja kwa windo. Akazi awo a Blasius, a Nelia, anali pomwepo ndipo anamva bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo ndiwo za pakhomo zinali nandolo, khobwe, therere ndi chisoso. Lamulungu lokha m'pamene pankaoneka timatemba.

Sukulu zitatsekera kunabwera Elliam, mchimwene wawo wamng'ono wa a Nelia, yemwe ankaphunzitsa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina ku Balaka. Mnyamatayu anali ndi dandaulo limodzi: ana asukulu sankamufunsa mafunso. Choncho munthu akangomufunsa kanthu, ankayankha mpaka dzuwa kupendeka.

Masana ena a Nelia atapita kuchigayo, a Blasius anasendeza mpando wawo pafupi.

"Alamu, inu ophunzira, kodi nkhuku ndi nyama?"

Maso a Elliam anawala. "Ndi nyama ndithu. Nkhono ndi nyama, nyongolotsi, ngumbi, nkhanu, ngakhale inu ndi ine."

"Matemba?"

"Nawonso."

"Ndiye kuti adokotala sankanena zonse, chifukwa matemba alongo anu amandipatsa. Zili m'magulu kapena?"

Elliam anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Anati pali zopanda fupa la msana, zomwe ndi zambiri kuposa zinzake zonse. Ndiye pali za fupa la msana: nsomba, achule, zokwawa ngati buluzi ndi ng'ona, mbalame, ndi zoyamwitsa.

"Mbuzi ili pati?"

"Pa zoyamwitsa."

"Nkhuku imayamwitsa?"

"Iyayi, imeneyo ndi mbalame."

A Blasius anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Adokotala analoza mbuzi. Ndinaona ndi maso anga."

Elliam sanamve mawu amenewa, chifukwa anali atayamba kale kufotokoza za mleme, kuti umauluka koma umayamwitsa.

M'mawa mwake a Blasius anati akupita kukaongola miyendo. Anatsimphina mpaka kusiteshoni, kumene Zubairu ankakazinga nyama pachiwaya, n'kudya ntchafu ya nkhuku ndi nthutumba ziwiri. Mkuja wake anadya nkhunda. Koma nkhuku ndi nkhuku basi. Mbali ina ya chiwaya chomwecho mbuzi inkachita thovu m'mafuta, ndipo fungo lake linkawatsatira mpaka kunyumba.

Anadikira tsiku lomwe a Nelia anapita ku kwaya.

"Alamu, mbuzi ija, kodi yonse ndi chinthu chimodzi?"

"Funso labwino kwambiri!" anatero Elliam, akufunafuna kamtengo kake. Anafotokoza kuti thupi lili ngati nyumba yomangidwa ndi zipangizo za mitundu inayi. Pali zokuta, monga pamwamba pa khungu ndi m'kati mwa matumbo. Pali zolumikiza ndi zochirikiza, monga mafupa, mafuta ndi magazi. Pali zonyamula mauthenga, ndiwo ubongo ndi timitsempha take. Ndiye pali mnofu, umene umakoka kuti thupi liyende.

"Munthu akati ndipimireni nyama, amamupatsa chiti?"

"Makamaka mnofu."

"Chiwindi?"

"Chimenecho si mnofu. Chili pafupi ndi gulu loyamba lija la zokuta, impso chimodzimodzi."

"Mtima?"

"Mtima ndiye mnofu weniweni."

"Mtima tiusiye," anatero a Blasius ndi nkhope yachisoni. "Malamulo a chipatala sitiseweretsa."

Kuyambira pamenepo Zubairu ankawasungira chiwindi, impso, ndi ubongo akapha mbuzi. Tsiku loyamba anadabwa.

"Bambo, si paja munati anakuletsani?"

A Blasius anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa zonse, magulu asanu ndi zipangizo zinayi, akujambula m'phulusa ndi chotokosera m'mano. Zubairu anamvetsera mwaulemu, n'kuwonjezera tsabola.

Nthawi yomweyo kunali kukonzekera chinkhoswe cha Esther, mwana wa mlongo wawo wa a Blasius, ndipo iwo monga atsibweni ndiwo anali nkhoswe. Suti inachapidwa, nsapato zinapolishidwa. Koma m'mawa wa tsikulo anadzuka akubuula. Chala chakumanja chinali ngati mbatata, chakumanzere chinali chitayamba kutsatira, bondo nalo likutentha. Nsapato inakana. Ngakhale patapata anakana.

"Ndi nandolo ameneyu," anatero a Blasius akulira. "Wandichulukira."

A Nelia anada nkhawa kwambiri, n'kumadzifunsa ngati therere lija ankalithira soda wambiri. Koma chinkhoswe sichiyamba popanda nkhoswe. Panjinga sakanatha kukwera. Mapeto ake anayala chitenje mu wilibala, a Blasius anakhalamo atavala suti ndi tayi, mapazi ali pamtunda, Elliam n'kumakankha. A Nelia ankayenda pambali atasenza beseni la mbale.

Njira yake inkadutsa pasiteshoni. A Blasius atangoona utsi wa chiwaya anati, "Alamu, tadzerani kuseri kwa magolosale." Koma Zubairu anali atawaona kale.

"Bambo! Chiwindi chanu cha lero ndasunga! Impso ziliponso zinayi!"

Wilibala inaima. A Nelia anatula beseni pansi mosamala, n'kupita pachiwayapo. Anapereka moni, anafunsa za ana, kenako anati, "Chiwindi cha ndani?"

Zubairu, wosadziwa kanthu, anafotokoza zonse monga anaphunzitsidwira. Analakwitsa pang'ono poika achule pa zokwawa, ndipo Elliam anatsegula pakamwa kuti akonze. Alongo ake atamuyang'ana, anatsekanso.

A Nelia anabwerera pa wilibala paja. Anasenzanso beseni lawo. "Tiyeni, anthu akudikira."

Mwambo unayenda bwino. A Blasius analankhula mawu anzeru ali mu wilibala, analandira tambala kuchokera kuchimuna n'kupereka thadzi. Kenako inafika nthawi yoti ankhoswe agawane nkhuku yootcha pamaso pa anthu. Nkhoswe ya kuchimuna inabenthula chidali n'kuwapatsa. A Blasius anachigwira, anayang'ana kumene kunakhala amayi, dzanja n'kuima m'malere.

"Idyani, abambo," anatero a Nelia mokweza, mawu ali ozizira. "Imeneyo ndi mbalame. Siyamwitsa."

Amayi a kwaya anali atamva kale nkhani yonse kophikira, ndipo anaseka mpaka ena kugwa pamkeka. Akuchimuna, osadziwa chomwe chachitika, anaomba m'manja poganiza kuti ndi mwambi wa kwawo kwa mkazi. A Blasius anangonyambita chala chimodzi, chidalicho n'kupatsa Elliam.

Lolemba wilibala yomweyo inakafika kuchipatala. Adokotala atamva zomwe wodwala wawo ankadya, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Bambo, pa matenda amenewa chiwindi, impso ndi ubongo ndiye zoipitsitsa. Bola mukanangodya mnofu womwewo."

A Blasius anadzuka pang'ono, nkhope itawala. "Ndiye kuti mnofu, adokotala..."

"Elliam," anatero a Nelia, "kankha."

Tchuthi chinali chisanathe, koma Elliam anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mapepala oti akachonge ku Balaka. Alongo ake anamuperekeza mpaka pamsewu, akumufotokozera njira yonse kusiyana kwa munthu wofunsa kuti adziwe ndi wofunsa kuti adye. A Blasius anagona pakhonde mpaka mphepo ya chisanu itatha, akumwa madzi ambiri monga anauzidwira. Nsapato inadzalowanso anthu akusosa m'minda, ndipo paukwati wa Esther anafika ndi mapazi awo, n'kuvina pang'ono ndi phazi lamanzere.