Mabokosi a Wendell

Wendell, mwana wanga, anamwalira mu Januwale n'kundisiyira shedi yodzaza mabokosi. Ndi aja eni masitolo akalekale ankasungiramo timigolo ta phula toimba pa galamafoni, m'kati muli zikhomo zovekapo timigoloto, kunja dzina la sitolo. Anazungulira Pennsylvania yense kuwatolera, mpaka mkazi anamuthawa.

Ine mabokosi ndinalibe nawo ntchito. Wendell ankapala tina mwa timigolo takaleto n'kujambulapo mawu ake, ndipo pa kena anandiimbira nyimbo ya tsiku langa lobadwa. Ndinkafuna kameneko basi. Koma kati? Sanalembepo kanthu, tonse tofanana, ndipo makina oimbira anali kwa wokonza.

Kunabwera a Pruitt, mnzake wa matenda omwewo otolera mabokosi, chisanu chili tho. Anayamba kusisita bokosi lina ngati mwana wakhanda.

"Mayi Kuzma, pepani ndi zovutazi."

"Pepani wanuyo sindidya. Mwabwera kudzalira kapena kudzagula?"

Anatchula mtengo. Ndinaseka.

"Bambo inu, poti sukulu sindinapite nayo patali ndiye mundidyere masuku pamutu? Tulukani nditseke."

Anakweza. Ndinakana. Tinakokanakokana mpaka zala zinachita dzanzi, kenako tinamvana.

"Koma timigolo tonse titsala kuno," ndinatero.

"Tengani, mayi. Zinyalala zimenezo zimangolemetsa bokosi."

Wendell ankanena kawirikawiri kuti phula likazizidwa salithamangitsira pamoto, amalifunditsa kuti lizolowere pang'onopang'ono. Choncho ndinapita kwa Bernice, woyandikana nane nyumba, kukabwereka mabulangete. Bernice pakamwa satseka. Ndinachedwa.

Pobwera ndinapeza mabokosi ali pululu. Ndinathamangira kukhitchini. Timigolo tonse anali atatindandalika patebulo, pafupi ndi sitovu ya nkhuni ili lawilawi.

"Ndati ndikupepuzeni ntchito," anatero a Pruitt, akumwetulira. "Kushedi kuja kukuzizira."

"Mwandipha, bambo inu!"

"Ndalakwa chiyani? Ine ndimadziwa mabokosi."

Pamenepo ndinamva kuti the! Kena kanang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenanso the! Ndinaponya bulangete pamwamba, ndinakokera tebulo kutali, koma pansi pa bulangetelo tinkangosweka ndithu, ngati munthu akuthyola zala.

"Tengani katundu wanu muzipita."

Ndinawaona pawindo akulongedza. Bokosi lililonse ankalinyamula ndi manja awiri, kuliika m'galimoto mwaulemu, kuliyalira nsanza kuti dzina la sitolo lisakalike.

Timene tinapulumuka tinakwana m'mbale imodzi. Makina atabwera ndinatiimba tonse. Malipenga a asilikali. Mzimayi wina woimba mopyapyala. Bambo wina woseka yekhayekha, sindikudziwa chinkamuseketsa. Ndinabwereza kuyambira koyamba, khutu lili pa lipenga la makinawo, kuti mwina sindinamvetse bwino. Wendell munalibe.