Chofunda cha Zigamba za Rhoda

Kunali chakumasana, mvumbi usanaleke chiyambire dzulo lake, pamene a Mabvuto ndi mlongo wawo a Esnat anafika pamalayini a esiteti kuchokera ku Nchilamwela. Anadzatenga zovala za mng'ono wawo Rhoda, amene anamwalira ndi kamwazi mwezi wathawo, kuti akazigawe kwa abale. Panalinso nkhani ya Anesi, mwana mmodzi yekha amene malemuyo anasiya. A Mabvuto, monga mwinimbumba, ndiwo anayenera kunena ngati mwanayo atsale ndi bambo wake kuti apitirize sukulu, kapena apite kumudzi.

Stafford, mwamuna wa malemuyo, kalaliki woyeza masamba a tiyi, anawayalira mphasa pakhonde. Anawauza kuti zovalazo zinali kunyumba ya bwana wa esiteti, kumene Rhoda ankachapa. Maliro atatha, Dona, mkazi wa bwanayo, anatuma khukhi wake kudzazitenga, nati azichitira chabwino. Stafford ankayesa kuti akufuna kuziwiritsa ndi sopo chifukwa cha matendawo.

"Palibe kanthu, alamu," anatero a Mabvuto. "Zamwana tamvana kale kumudzi. Atsale, aphunzire. Ife titenge nsaluzo tizipita, mitsinje isanadzaze."

Posakhalitsa Dona anatulukira ndi ambulera. Pambuyo pake pankabwera a Dixon, khukhi uja, atanyamula mtolo motalikitsa ndi thupi lawo ngati muli nyama yowola. Dona anamasula mtolowo yekha, natambasula chinsalu chachikulu pakhonde.

Zovala zonse za Rhoda zinali mmenemo, zitadulidwa tizigamba ndi kusokedwa pamodzi. Stafford anaona deresi la tsiku la ukwati, zilundu ziwiri, mpango wa kutchalitchi. Pakati penipeni panali nsalu ya maluwa ofiira imene Rhoda anagonera masiku ake otsiriza. Inachapidwa ndithu, koma banga linkaonekabe kwa munthu wodziwa pamene linali. M'mphepete monse anazunguliza timizere ta nsalu zam'kati, zimene mwiniwake sankayanika ngakhale pachingwe, ankabisa kuseri kwa mphasa.

A Esnat anagwira pakamwa. A Mabvuto anatembenuza nkhope, nalavula kubwalo. Mwamuna saona zotero za mlongo wake.

"Kwathu timachita chomwecho," anatero Dona m'Chinyanja chake chodukaduka, maso ali ndi misozi. "Ine ndasoka ndekha, manja anga. Mwana agona, mayi wake amfunda."

Anakodola Anesi amene anaima pakhomo, namukulunga chinsalucho kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Banga lija linagwera pachifuwa cha mwanayo.

"Alamu," a Mabvuto ananong'ona, "Chizungu mumachitha. Auzeni achichotse pathupi pa mwana."

"Wakondwa, iwe Stafford?" anafunsa Dona.

Stafford mawu anali nawo, a Chingelezi chabwino cha kumishoni, ndipo anali atawasanja kale m'mutu. Anayang'ana nsapato za Dona zodzaza matope, nakumbuka kuti khonde limene anakhalapolo n'la esiteti.

"Zikomo kwambiri, Dona," anatero, nawomba m'manja pang'ono.

Dona anasisita mutu wa mwana, nabwerera kwawo akupukuta maso. A Dixon anatsalira pang'ono.

"Ine ndinawauza, akalaliki," anatero motsitsa mawu. "Anati ndine mbuli. Chiyambire ntchito imeneyi chakudya sichikunditsika." Anathamangira ambulera ija.

A Mabvuto anazula kamtengo pampanda, nakola nako chinsalucho kuchichotsa paphewa pa Anesi. Chinagwa pansi pa khonde pamene madzi a padenga ankadonthera.

"Nanga ine ndikavale chiyani apa?" anafunsa a Esnat. "Kachigamba aka ndikamange pachala? Amayi akudikira mpango wa mwana wawo. Ndikawauze kuti ausokera kumodzi ndi zam'kati?"

"Alamu, mvetsani, ntchito yanga..." anayamba Stafford.

"Ntchito yanu taiona. Mumayeza masamba, mumawombera m'manja."

A Esnat anakokera Anesi kuseri kwa nyumba, ndipo Stafford anamva madzi akukhavulidwa ndi mwana akulira kuti akuzizidwa. A Mabvuto anayamba atadikira kuti kulirako kuchepe.

"Akanakhala kuti adula inu osadziwa, sitikanakuimbani mlandu. Koma amuveka mwana imfa ya mayi wake inu mukuona, ndipo mwathokoza. Mawa akati amufuna akakhale kukhitchini kwawo, mudzathokozanso. Tikupita naye."

Stafford analowa m'nyumba, namangira mwanayo zovala zake ndi sileti. A Esnat anatulutsa siletiyo, naisiya pamphasa.

"Ababa, mubwera liti?" anafunsa Anesi.

"Lamulungu likubwerali, amalume ako akalola."

A Mabvuto ananyamula kamtolo ka mwanayo. Anatsika atatu m'kanjira kodutsa pakati pa mizere ya tiyi, mwana ali pakati, atafunda tsamba la nthochi.

Belu la sikelo linalira. Stafford anadutsa patali ndi chinsalu chija, chimene tsopano chinali chitamwa madzi ofiira a dothi, napita kushedi. Othyola tiyi anali atandanda kale, madengu akudontha. Anakoleka dengu loyamba pambedza, nayembekeza kuti muvi wa sikelo uleke kugwedera.