Matayala Opanda Khomo

A Kaputeni anali atadula kale tayala lakumbuyo pamene akazi awo anatuluka m'nyumba ndi beseni la zochapa. Njinga ya mayiwo inali chagada pakhonde ngati mbuzi yodikira mpeni, ndipo mpeniwo unali wa kukhitchini, uja wodulira anyezi.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikuchotsa manyazi pakhomo pano," anayankha osadzutsa mutu. Anabaya tayala lakutsogolo n'kulicheka pamodzi ndi chubu chake. Mpweya unatuluka ngati munthu akuusa moyo.

Mayi anaika beseni pansi pang'onopang'ono. Matayalawo analidi okalamba, osalala ngati dazi, machubu ake zigamba zokhazokha. Koma ankayenda. M'mawa wa Loweruka limenelo anali atatuma amuna awo kuti akagule awiri atsopano, wamba, kushedi ya achimwene awo okonza njinga, chifukwa Lolemba ankayamba ntchito. Chitsekereni fakitale yosoka zovala imene ankagwirako ntchito zaka ziwiri zapitazo, anakhala akugogoda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Tsopano sitolo ina ya mankhwala inawalemba kuti azikapereka mankhwala m'makomo mwa odwala. Lamulo linali limodzi: afike seveni koloko ndi njinga yawoyawo yoyenda bwino. Wopanda njinga asavutike n'kubwera komwe, pamzere panali anthu ena anayi.

A Kaputeni ankagwira ntchito yosunga mafayilo m'chipinda chopanda zenera. Ukaputeni anaupeza ku gulu la opalasa njinga Lamlungu, amuna asanu ndi awiri a mimba zawo, ndipo anasankhidwa chifukwa ndiwo okha anali ndi wezulo. Njinga yawo yofiira inkagona pabalaza. Ankaitsuka ndi mswachi, ndipo mlendo aliyense ankayamba wamva mbiri ya matayala ake, osabooka ndi minga, asanapatsidwe madzi akumwa.

"Atsopanowo ali kuti?" anafunsa mayi. "Achimwene akupatsani?"

"Alamu anga ndi munthu wabwino," anatero a Kaputeni, akupukuta mpeni pa thalauza. "Koma amagulitsa matayala onyamulira makala. Khalani pansi muone."

Anakoka thumba lalikulu la pulasitiki. Popita kumsika, anafotokoza motero, anaona chikwangwani pa sitolo ya zamasewera: ikutsekedwa lero masana, zonse pa mtengo wogwetsa. Munthu wosadziwa akanadutsa. Iwo analowa. M'thumbamo munatuluka chipewa cholimba chooneka ngati chigoba cha kamba, magolovesi opanda zala, magalasi achikasu, timapulasitiki titatu tochotsera matayala, ndi kabudula wothina wokhala ndi khushoni kumatako.

"Zonsezi ndi za ine?"

"Izi ndi za pabanja." Anapisanso dzanja. "Zanu ndi izi."

Anali matayala awiri oonda ngati chala chachikulu, opindidwa ngati njoka zogona.

"Ndalama ija yonse yathera m'thumba ili?"

"Yathera mu nzeru, mayi. Awa ndi a mipikisano. Wogulitsa uja anagwetsa nkhope powapereka. Akuti akhala pashelefu zaka zitatu chifukwa chosowa munthu wowamvetsa."

Mayi anatenga limodzi n'kulitambasula. Analitembenuza uku ndi uku, n'kulizungulira lonse ndi chala. Linali lotseka ponseponse ngati paipi yothirira maluwa, kansonga kopopera kokha kali tuu.

"Nanga polowetsa chubu ndi pati?"

"Pamenepo ndiye pagona nkhani. Chubu chili kale m'kati. Tayala ndi chubu, mtengo umodzi."

Mayi anakanda ndi chikhadabo kansalu komatidwa kunsi kwa tayalalo. Kanamatuka pang'ono. Anayang'ana, n'kupita nalo padzuwa, n'kuyang'ananso.

"Bambo, tayala ili alisoka."

"Alitani?"

"Alisoka. Ndi ulusi. Msoko wake ngwabwino ndithu, makina athu aja sakanautha." Anakhala pa sitepe. "Ndasoka madiresi aukwati, makatani, mayunifolomu a apolisi. Tayala losoka sindinalionepo chibadwire."

Sanadikire yankho. Anatenga foni n'kuimbira achimwene awo.

A Sipanala, monga ankadziwikira kumsika, anamveka asanaoneke. Njinga yawo yaing'ono inkalira paliponse kupatula belu, monga zimakhalira njinga za okonza njinga. Anali munthu wa imvi, wamafuta m'zikhadabo, wosafulumira pakamwa. Anatsika, n'kuona zidutswa za matayala akale zili mbwee pakhonde, n'kuona mpeni, n'kuona alamu awo atavala magalasi achikasu.

"Kwafa ndani?"

"Mwaswera bwanji, alamu," anatero a Kaputeni. "Tangokuitanani kuti muone zamakono. Si tsiku lililonse."

Anawapatsira tayala lija. A Sipanala analigwira kunsonga ndi zala ziwiri. Analiyang'anitsitsa, pakamwa pali yasaa, mpaka ntchentche inayesa mwayi.

"Achemwali, ndipatseni mpando."

Atakhala, anafunsa mwaulemu: "Alamu, mwagula angati?"

"Awiri. Anali omaliza."

"Mulungu ndi wachifundo." Anaika tayalalo pamwendo. "Loterelo ndinaliona kamodzi, ndisanamere imvi, kwa munthu wina wothamanga mipikisano. Limafuna limu lakelake, chitsulo chija chokhalapo tayala, lopanda makoma, longokhala ngati ngalande. Amapaka guluu, n'kulimata, n'kudikira masiku awiri. Malimu a njinga ya achemwaliyi ali ndi makoma ogwira milomo ya tayala. Tandionetseni milomo ya ili."

"Sayizi ndi yomweyo. Ndinawerenga pa pepala."

"Sayizi ya nsapato yanga ndi ya abusa ndi imodzi, koma sindilalikira. Ndikudziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo, alamu. Inu mwachita kugula ziwiri."

A Kaputeni anavula magalasi. Anali atatsogolera gulu la njinga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sakanalola kuphunzitsidwa za matayala ndi munthu wopopa mawilibala.

"Vuto la anthu a kumsika n'loopa chatsopano. Bweretsani mpope."

Analimbana nawo matayalawo okha, ndi mawondo ndi zigongono, thukuta likugwera pa masipoko. A Sipanala anangopinda manja. Patapita nthawi onse awiri anakhala pamwamba pa malimu, ndipo atapopedwa anaoneka bwino kwambiri, akuda, osalala, onyada. Mtima wa a Kaputeni unabwerera m'malo. Anavala chipewa ndi magolovesi, n'kukankhira njinga pamsewu.

"Mayi, yang'anitsitsani. Lolemba odwala azichira asanamwe mankhwala."

"Chikomekome cha mkuyu," anang'ung'udza a Sipanala.

Njinga inanyamuka mopepuka ndithu. A Kaputeni anamva mphepo m'makutu ndipo anayamba kukonza mawu oti akauze gulu mawa. Anafika pangodya pamene msewu umakhotera ku chipatala, anapendeketsa thupi monga amachitira odziwa, ndipo tayala lakutsogolo linangovuuka pa limu ngati sokosi, n'kukakola m'mabuleki. Njinga inaima. A Kaputeni anapitirira.

Anatera mu mpanda wa maluwa wa aneba. Kwa kanthawi anagona momwemo akuyang'ana kumwamba, osamva kupweteka kulikonse, akungodabwa kuti thambo lili malo olakwika. Kenako anaona nkhope ziwiri pamwamba pawo.

"Mwathyoka?" anafunsa mayi.

Anayesa manja, anayesa miyendo. "Ayi."

"Chipewacho ndiye mwagula bwino," anatero a Sipanala.

Mayi sanaseke. Anayang'ana ngodyayo, n'kuyang'ana galimoto ya mchenga imene inkadutsa mwaphokoso.

"Lolemba ndikanakhota pomwepa," anatero. "Ndi bokosi la mankhwala kumbuyo."

A Kaputeni anadzuka, masamba ali m'khosi, n'kukoka njinga kubwerera kunyumba, tayala likukwekwereka pansi.

Atafika pakhonde anayesa kubweza mawu aukaputeni. "Ndikabweza katunduyu. Munthu uja andidziwa lero."

"Ndadutsa pomwepo pobwera," anatero a Sipanala. "Aika kale mapepala m'mazenera. Mashelefu akwera lole."

"Ndiye mutipatse anu wamba aja. Mwa kanthawi."

"Awiri omaliza a sayizi iyi ndinakusungirani mpaka masana, poti achemwali anandiuza dzulo. Munadutsa pashedi panga ndi thumba lanu mukuyang'ana mitambo. Ndinagulitsa kwa wonyamula mkaka. Ena afika Lachinayi."

"Masitolo ena?"

"Atseka. Atsegula Lolemba eyiti koloko."

"Ine akundifuna seveni," anatero mayi.

"Njinga yangayi miyendo yake ndi yaifupi, komanso mabuleki ake ndi nsapato," anapitiriza a Sipanala. "Akale aja akanayenda mwezi wina. Koma mwawachita ndiwo."

Onse atatu anayang'ana zidutswa zija. Ndiyeno, popanda wopangana ndi mnzake, maso a achimwene ndi achemwali anadutsa pakhomo lotsegula n'kukaima pabalaza, pamene njinga yofiira inkanyezimira pafupi ndi kabati.

"Kaliyala ilibe, koma malimu ake ndi ofanana ndi awa," anatero a Sipanala, ngati akunena za nyengo.

A Kaputeni anakaima pakhomo, kutchinga njinga yawo.

"Mawa ndi ulendo waukulu wa pachaka," anatero. "Wojambula wa nyuzipepala akubwera. Ndine ndimakhala kutsogolo ndi mbendera. Tikabwerako madzulo, mudzachotsa."

A Sipanala anapukusa mutu. "Mawa mbandakucha ndikupita kukaona apongozi, ndibwera Lachiwiri. Mukachotsa nokha, muwabaya machubu, ndaona kagwiridwe kanu. Komanso ulendo wanu uja umadutsa msewu wa magalasi osweka."

"Matayala anga sabooka."

"Ngati awanso?"

A Kaputeni anatembenukira kwa akazi awo, akuyembekezera kulira, kapena kukalipa, chilichonse chimene mwamuna angathe kuchiyankha. Koma mayi anangotembenuka. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kachitini kawo ka singano ndi ulusi wosokera matumba. Anakhala pa sitepe, anatola zidutswa ziwiri za tayala lakale, n'kuzilumikiza pabondo, kuyesa kuti zigwirizane.

"Mukutani, mayi?"

"Ndiyese. Poti masiku ano matayala akusokedwa."

Singano inakana kulowa. Anaikankha ndi chala, inapindika. Anatenga ina. Manja awo, amene kwa zaka ziwiri analibe chosoka cha malipiro, sanaleke, ndipo nkhope inali phee ngati ya munthu amene ali pa ntchito yake.

A Kaputeni anaima pamenepo ndi magolovesi opanda zala. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti labala sasokeka chotero, n'kuzindikira kuti mayiwo akudziwa bwino kuposa iwo. Anatseka pakamwa. Analowa pabalaza.

Anatuluka atanyamula njinga yofiira m'manja, monga amanyamulira mwana wodwala. Anaigoneka chagada pakhonde, atayamba ayala thaulo kuti chishalo chisakandike.

"Alamu," anatero, mawu ali apansipansi, "musagwiritse sikuludiraiva. Tengani timapulasitiki ito."

A Sipanala anatenga kamodzi n'kukayesa ndi chala. "Itinso mwagula bwino. Mukanangolekera pomwepa."

Ntchitoyo sinatenge nthawi. A Kaputeni anagwirira njinga yawo ikuvulidwa, akuyang'ana kumbali. Atamaliza, a Sipanala anapopa, anatsina, anazungulitsa, n'kumangitsa mabuleki aja anakola. Njinga yakale ya kaliyala wadzimbiri inaima pa matayala abwino koposa mumsewu wonsewo.

"Mpweya wake usapitirire apa," anayamba a Kaputeni, akuloza. "Ndipo mukaona miyala..."

"Ndamva, bambo," anatero mayi, akutseka kachitini.

Lamlungu a Kaputeni anapita wapansi ku ulendo waukulu uja, atavala chipewa, magalasi ndi kabudula wa khushoni. Anauza gulu kuti mtsogoleri weniweni amaonera patali. Analiza wezulo, amuna asanu ndi mmodzi ananyamuka, mbendera ili m'manja mwa wachiwiri wawo. Wojambula anawapempha kuti asunthe pang'ono, akutchinga.

Lolemba dzuwa likungotuluka, mayi anamanga bokosi pa kaliyala. A Kaputeni anali atadzuka kale, atatsina matayala onse awiri katatu ndi kuwapukuta ndi mswachi uja. Anatsegula geti. Kumbuyo kwawo, pabalaza, njinga yofiira inatsamira khoma pa malimu opanda kanthu, matayala osokedwa aja atapachikidwa pa handulo.

"Pangodya paja muchepetse liwiro," anatero.

"Inu munandionetsa kale."

Anaima pageti akuyang'ana. Njinga inayenda mwakachetechete, inafika pa mpanda wa aneba, pamene panali pakadali chibowo cha msinkhu wa munthu. Mayi anakhota bwinobwino osacheuka, n'kuliza belu kamodzi.